Kalata yotseguka kwa phungu wa dera lathu, amene kale adali khansala wa wadi yathu

Olemekezeka,

Landirani moni, inu pamodzi ndi mayi kunyumba ndi ana onse. Kuno kumudzi tadzuka, tikuthokoza Mulungu. Moni womwewu upitenso kwa wapampando wa khonsolo yathu, makhansala a m'dera lino, bwana DC ndi mafumu athu, poti nkhani ili m'kalatayi ikuwakhudza onsewa, ngakhale kuti mwini wake weniweni ndinu.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito uja amene ndinkalemba maminitsi a ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, pa nthawi imene inu mudali khansala. Dzina langa sindilemba pano, lanunso sindilemba, chifukwa sindikufuna kukuchititsani manyazi pamaso pa dziko. Mukawerenga mudziwa kuti ndine, ndipo anthu a kuno akawerenga adziwa kuti ndinu. Ndalemba poyera chifukwa njira zina ndayesa zakanika. Makalata awiri ndidasiya kwa mnyamata wa ku ofesi yanu ya m'dera, yankho mpaka lero. Nambala ija tinkakupezerani kale siyilowanso. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, tsono mawuwa muwalandire ngati ochokera kwa mnansi amene wakuvoterani katatu konse: mu 2014, mu 2019 ndi mu 2025.

Ndiyambe ndi kumene tidachokera, poti achinyamata ambiri amene awerenge kalatayi pa foni adali ana panthawiyo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono lidadza mu 1998, pamodzi ndi mfundo ija tinkaimva pa wailesi, ya mphamvu ku anthu. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli tidawasankha mu Novembala 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chidangokhala cholepherekalephereka, mpaka dziko lidatha zaka 9 lopanda khansala ndi mmodzi yemwe. M'zaka zimenezo chitukuko chidatsala m'manja mwa DC, mafumu ndi aphungu, ndipo mu 2010 lamulo lija lidasinthidwa, aphungu n'kupatsidwa mphamvu yovota m'makhonsolo. Munthu wamba adalibe khomo loti agogode. Ukafuna kudandaula za mjigo wakufa unkadikira msonkhano wa chipani kapena maliro a munthu wotchuka kuti uonane ndi phungu.

N'chifukwa chake pa 20 Meyi 2014, tsiku limene tidavota patatu kwa nthawi yoyamba, ambirife tidakondwera ndi voti ya khansala kuposa mavoti awiri enawo. Tidakusankhani inu, munthu amene tinkagula sopo ndi mchere m'kagolosale kanu, amene ana anu ankaphunzira m'kalasi mwanga. Ndipo simudatikhumudwitse. Sindidzaiwala tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Msonkhano wa ADC udali kutsidya, ndipo tonse tidati lero khansala sabwera. Cha m'ma 10 koloko tidakuonani mukutsetserekera kumtsinje, nsapato zili m'manja, buluku mutapinda mpaka m'ntchafu, njinga yamoto mutaisiya pakhonde la a gulupu, mapepala a kukhonsolo mutawakulunga m'jumbo n'kuwasenza pamutu. Mudakhala nafe pabenchi, zovala zikuumira m'thupi, mpaka dzuwa kupendeka, tikusanja zofuna za midzi imodzi ndi imodzi: uku mjigo, uku buloko ya sukulu, uku nyumba ya chidikiro. Pomaliza tonse tidagwirizana kuti pamwamba pa zonse pakhale mlatho wa pamtsinje womwe mudaolokawo.

Tsiku lomwelo mudatiuza zakukhosi kwanu. Mudati ntchito ya khansala ikulandidwa. Mudati ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zikugwa ngati mvula yamawawa, kokhako kumene kuli otsatira phungu. Kuti kontirakitala amangotulukira ndi lole ya simenti komiti ya m'mudzi isakudziwa. Kuti inu khansala mumamva za chitukuko cha m'wadi mwanu tsiku lotsegulira. Mudalonjeza kuti mukadzalowa m'Nyumba ya Malamulo mudzakonza zimenezi kuchokera kumutu. Mawu amenewo ndidalemba ndine m'kope la maminitsi, ndipo kopelo lidakalipo. Pa 21 Meyi 2019 tidakutumani ku Lilongwe chifukwa cha mawu omwewo. Ena ankati khansala sangakwanitse uphungu, ife tidati amene wanyowa nafe ndiye akudziwa kuzizira kwa madzi athu.

Lero ndikudzifunsa kuti khansala uja adatsalira pati.

Ndiyambe ndi buloko ya sukulu, poti ndi imene imandipweteka kwambiri monga mphunzitsi. Mudabwera nokha kudzatiuza kuti anthu aumbe njerwa, atute mchenga ndi miyala, zotsalazo ndi za CDF. Midzi idagawana masiku. Amayi ankatunga madzi mbandakucha asanapite kumunda, abambo adadula mitengo yawo yomwe kuti aotchere uvuni. Ine ndi miyendo yanga yofookayi ndinkakhala pampando n'kumalemba maina a obwera ku chitukuko, osabwera ankalipitsidwa nkhuku kwa amfumu. Amisiri adamanga mpaka pa lintala, kenaka tsiku lina adanyamula zipangizo zawo n'kupita, akuti sadalipidwe. Mvula yagwa kangapo pa zipupa zimenezo. M'kati mwamera udzu wofika m'chiuno, mbuzi ndizo zimabisalamo dzuwa, khoma lakumvuma layamba kung'aluka. Pafupi pomwepo, pansi pa mtengo wa mango, ana a Sitandade 2 amakhala pa miyala ndi pa njerwa zotsala zija, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde. Mitambo ikangoda kumapiri, mphunzitsi amawauza kuti thawirani kwanu. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ana amenewa amaphunzira mwa mwayi. Mwana amene sadadziwe kuwerenga ali Sitandade 2 amavutika mpaka kumapeto, ndipo ambiri otere ndi amene amasiyira panjira. Zimenezi ndaziona kwa zaka zonse zimene ndidagwira choko.

Chimene chimawawitsa mtima anthu n'chakuti pakhoma lakutsogolo, loyang'ana kumsewu, padapakidwa laimu n'kulembedwa dzina lanu ndi zilembo zikuluzikulu, denga lisanakwere. Titafunsa kukhonsolo adatiuza kuti m'mabuku mwawo ndalama za bulokoyo zidatuluka. Titafunsa anthu anu adatiuza kuti vuto lili kukhonsolo. Ife tili pakati, tikungoponyeredwa uku ndi uku. Ndikudziwa kuti kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti ndi malata zidakwera mtengo koopsa. Ngati chimenecho ndicho chidaimitsa ntchito, bwanji osabwera kudzatiuza? Anthu amene adaumba njerwa ndi manja awo akadamvetsa. Chimene sakuchimvetsa ndi kukhala chete.

Chachiwiri ndi mlatho. Wamitengo uja, umene tinkausamala tokha chaka ndi chaka, udapita ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Masiku amenewo mudabwera, mudalira nafe, mudabweretsa ufa ndi mabulangete, ndipo pa chimenecho tikuthokoza. Mudaima pagombe n'kunena kuti mlatho wa konkire ukubwera. Chibwerereni anthu oyeza ndi zingwe zawo, palibenso chachitika. Nthawi ya dzinja anyamata amaima m'madzi ofika m'chifuwa n'kumaolotsa anthu pamsana, njinga pamutu, aliyense alipire. Mayi wokalamba amene akupita kuchigayo amalipira kawiri, yekha ndi thumba lake. Mdzukulu wanga wamkazi matenda a uchembere adamuyamba usiku mtsinje utadzaza. Tidamunyamula pa ngolo mpaka pagombe, n'kukhala pamenepo ndi tochi za m'mafoni, amayi atamuzinga ndi zitenje, kudikira kuti madzi aphwe. Chipatala chili kutsidya, magetsi ake tinkawaona. Mulungu adatichitira chifundo, mayi ndi mwana ali moyo. Si mabanja onse amene adabwerera kunyumba ndi nkhani yotere, ndipo inu mukuwadziwa chifukwa ena mwa maliro ake mudatumizako bokosi.

Olemekezeka, mlatho umenewu ndi womwe uja mudauika nokha pamwamba pa mndandanda muli khansala. Chidachitika n'chiyani kuti utsike, m'malo mwake mubwere timilatho ting'onoting'ono ndi makalavati m'midzi ya apampando a chipani?

Funso limeneli likundifikitsa pa nkhani ya ndalama. Thumba la CDF lidayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma lakhala likukula. Mu 2022 lidafika pa K100 miliyoni dera lililonse, mu 2024 pa K200 miliyoni. Tikaphatikiza zaka zimene mwakhala pampando, kudera kuno kwadutsa ndalama zankhaninkhani. Ndondomeko yake ndi yodziwika, ndipo mudatiphunzitsa ndinu: zofuna zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), ADC imazisanja, khonsolo imazivomereza ndi kuziika m'pulani ya chitukuko cha boma lonse, ndipo pamalo pa ntchito pamakhala komiti ya anthu a pomwepo yoyang'anira simenti ndi malata. Chiyambireni uphungu wanu, ADC imamva za ntchito zambiri zitayamba kale. Makomiti oyang'anira amasankhidwa usiku m'nyumba za anthu. Makhansala athu, amene akukhala pa mpando umene mudakhalapo inu, amaitanidwa kudzaomba m'manja tsiku lotsegulira. Mmodzi wa iwo adandidandaulira ndi mawu pafupifupi omwe aja mudalankhula inu tsiku la mvula lija, moti ndidachita kugwira pakamwa.

Si ine ndekha amene ndikuona kuti pamenepa pali cholakwika. Mu Meyi 2025, pa mlandu umene bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma, oweruza a Khothi Lalikulu adagamula kuti kuvota kwa aphungu m'makhonsolo ndi kulowerera kwawo pa kayendetsedwe ka CDF n'kosemphana ndi Malamulo oyendetsera dziko lino. Chifukwa chake n'chosavuta kumva ngakhale kwa ife a kumudzi. Phungu ndiye amavomereza bajeti, ndiyenso amayenera kulondoloza mmene ndalamazo zagwirira ntchito. Akakhala kuti yemweyo ndiye akusankha ntchito, kusankha kontirakitala ndi kusankha komiti, adzafunsa ndani zinthu zikasokonekera? Wogawa nyama sangakhalenso woweruza mlandu wa nyama yosowa. Mwa aphungu onse 229 amene ali m'Nyumbayo lero, inu ndinu mmodzi mwa oyenera kumvetsa chigamulochi msanga, chifukwa mbali zonse ziwiri mudakhalako. Ndinkayembekeza kumva mawu anu mukuchiyamikira. Sindidawamve. Mu 2025 boma lidalonjeza K5 biliyoni ya CDF chaka chilichonse m'dera lililonse. Ena akuvina ndi nkhani imeneyi, ine ikundisowetsa tulo. Ngati K200 miliyoni yatisiyira zipupa zopanda denga ndi mafunso opanda mayankho, K5 biliyoni yodzera m'njira yomweyo idzatisiyira chiyani?

Pamene mukulimbana ndi makhansala pa ntchito yawo, yanu yeniyeni yagona. Ine ndimatsatira zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo pa wailesi, ndimakhala nayo pakhonde kuyambira masana mpaka aweruke. Ndimamva aphungu a madera ena akuimirira kufunsa nduna za misewu yawo, za mankhwala, za malipiro a aphunzitsi. Dzina la dera lathu ndimalimva mwa kamodzikamodzi, kawirikawiri pothokoza. Pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, thumba la feteleza tinkagula K4,495. Pambuyo pake lidafika pa K15,000, maina a opindula n'kumachepa chaka ndi chaka. Anthu a kuno ankagona pa depoti masiku atatu, chitupa cha unzika chili m'manja, akuuzidwa kuti netiweki palibe, pamene mavenda akutulutsa matumba kukhomo lakuseri. Ena feteleza adamulandira chimanga chitamasula kale ngaiyaye. Imeneyo ndiyo idali nkhani yoti muimirire nayo pamaso pa nduna ya zaulimi. Pa chipatala chathu chaching'ono munthu amayenda mtunda wautali n'kungolemberedwa dzina la mankhwala m'buku kuti akagule yekha. Pa msika wa ADMARC chimanga chimabwera mwa apo ndi apo m'miyezi ya njala. Ndalama zimene boma limayenera kutumiza kumakhonsolo zimachedwa, ndipo inu mukudziwa bwino mmene khonsolo imafoolera zikachedwa. Khansala sangakafunse nduna ya zachuma za kuchedwako. Amene tidamupatsa pakamwa pokafunsira zimenezi ndinu nokha.

Za kusintha chipani sinditalikitsa. Mudapita ku Lilongwe mutavala mtundu wina, tidangomva pa wailesi kuti mwavala wina. Mwina zifukwa zidalipo zomveka. Koma voti idali yathu, ndipo simudabwere kudzatifunsa, ngakhale kudzatiuza kumene. Gawo 65 la Malamulo oyendetsera dziko, lokhudza aphungu osintha zipani, lilipo koma tonse tikudziwa mmene lakhala likuzembedwera. Gawo 64, limene linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu adalichotsa mu 1995. Chitereni, munthu wovota amakhala ndi tsiku limodzi lokha la mphamvu pa zaka zisanu.

Kuti ndisakulakwireni, ndinenenso mbali yathu. Ife anthu a kuno takusenzetsani katundu amene si wanu. Kukacha, pageti panu pamakhala mzere: uyu akufuna bokosi la maliro, uyu fizi ya mwana, uyu galimoto yonyamula wodwala, uyu mpira ndi yunifomu. Phungu akakana timati ngouma manja. Akapereka timamutamanda, osafunsa kuti ndalamazo zachokera kuti. Mwina ndi ife amene tidaphunzitsa aphungu kuti bokosi limodzi la maliro limabweretsa mavoti ambiri kuposa funso labwino lofunsidwa kwa nduna. Lamulo la zipani za ndale la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma pa kampeni yapitayi ndidaona ndi maso anga anthu akulu ndi ndevu zawo akukanganirana kandalama kosakwana n'komwe botolo la mafuta ophikira. Ndidachita manyazi, chifukwa ena mwa iwo ndidawaphunzitsa ndine. Ndikuvomerezanso kuti si zonse zimene mwalephera. Mijigo ingapo imene mudakumbitsa ikutulutsa madzi, ndipo idatithandiza kwambiri nthawi ya kolera ija idayamba mu 2022. Atsikana angapo amene mudawalipirira fizi amaliza Fomu 4. Zimenezi sitikuziiwala. Koma mtsikana mmodzi wolipiriridwa fizi sangaphimbe ana a kalasi yonse amene ali pansi pa mtengo.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji ndidakuvoteraninso pa 16 Sepitembala 2025. Ndidavota ndi mtima wolemera. Mudabwera pabwalo la sukulu, mudayang'ana zipupa zija, n'kupepesa pamaso pa mafumu, ndipo ndidaona ngati khansala uja wabwerera. M'dziko muno aphungu ambiri sabwerera ku Nyumba ya Malamulo kachiwiri, inu anthu adakupatsani mwayi umenewo. Chipambanireni, galimoto yanu taiona ikudutsa magalasi atakwezedwa. Paja amati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife tidakali m'mame momwe mudatisiya.

Tsono m'malo mwa anthu amene ndakhala nawo pansi polemba kalatayi, amayi a komiti ya sukulu, anyamata a kabaza, alimi ndi anzanga opuma ntchito, ndikupempha izi:

1. Nyumba ya Malamulo ikangopuma, muitanitse msonkhano wa anthu onse pabwalo la sukulu, pafupi ndi buloko yosathayo. Pakhale mafumu, makhansala, ADC, ndi akuluakulu a kukhonsolo oona za chuma ndi za zomangamanga. Usakhale msonkhano wa chipani. Pasakhale nsalu za chipani, magule kapena zogawa, ndipo anthu apatsidwe nthawi yofunsa mafunso popanda anyamata owazuma.

2. Inu pamodzi ndi bwana DC mutulutse mndandanda wa ntchito zonse za CDF za m'dera lino kuyambira 2019: dzina la ntchito, mudzi, ndalama zimene zidaperekedwa, kontirakitala amene adalandira, ndi pamene ntchitoyo yafika. Ulembedwe m'Chichewa, umatidwe ku likulu la mfumu yaikulu, pa msika, pa chipatala ndi m'masukulu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho chimene tikupemphachi ndi chathu kale.

3. Buloko ya sukulu ifoleredwe mvula ikubwerayi isanagwe. Akatswiri a kukhonsolo ayambe aona ngati khoma long'alukalo lingapirire denga. Ngati pali amene adalandira ndalama osamaliza ntchito, abwerere adzamalize kapena abweze, ndipo ngati ndalama zidasowa, nkhaniyo ipite ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, posayang'ana kuti munthuyo ndi wa chipani chanji kapena ndi mbale wa yani.

4. Mlatho ubwerere pamwamba pa mndandanda, pamene ADC idauika. Ngati ndalama zake zaposa mphamvu ya khonsolo, mukaufunse kwa nduna m'Nyumba ya Malamulo, tikumve pa wailesi mukutchula dzina la mtsinje wathu. Podikira wa konkire, pakhale kamlatho kolimba ka anthu oyenda pansi ndi njinga, kuti dzinja lino mayi wina asadzachirirenso pagombe.

5. Mulemekeze chigamulo cha khothi. Kusankha ntchito za chitukuko kubwerere ku VDC, ADC ndi khonsolo, ndipo makomiti oyang'anira ntchito azisankhidwa masana pabwalo. Kukabwera maganizo aliwonse obwezera ndalamazi m'manja mwa aphungu, inu muwakane, ndipo muwafotokozere anzanuwo zimene mudaziona muli khansala.

6. Mukhale mmodzi mwa aphungu oyambitsa kapena kuthandizira bilu yobwezeretsa gawo 64. Phungu wogwira ntchito yake alibe chifukwa choliopera.

7. Nyumba ya Malamulo ikatseka nkhumano iliyonse, muzibwera kudzatiuza zimene mwakambirana, malamulo amene mwavomereza ndi mmene inu mwavotera. Ofesi ya m'dera ikhale ndi masiku odziwika otsegula ndi buku lolembamo madandaulo. Ndipo pa zomangidwa ndi ndalama za misonkho pazilembedwa dzina la thumba, mtengo wa ntchito ndi chaka, dzina la munthu lisamalembedwepo.

Kwa makhansala athu ndili ndi mawu ochepa. Mphamvu zikabwerera kwa inu, maso athu adzakhalanso pa inu. Tamva za makhonsolo ena kumene makhansala amalimbirana maalawansi ndi maulendo, kapena kupereka ntchito kwa makampani a abale awo. Zimene tikukana kwa phungu sitidzazilola kwa khansala. Ena mwa inu mukulakalaka kale uphungu wa 2030, ndipo si tchimo. Koma muone bwino njira imene mnzanuyu wayenda, kuti pamene iye adapunthwa inu mudzadutse bwino. Bwana DC, maofesi anu ndiwo amasayina macheke ndi ziphaso zoti ntchito yatha. Musalole kuti cholembera chanu chisayinire denga limene kulibe chifukwa choopa foni yochokera ku Lilongwe.

Olemekezeka, ine ndakalamba, pa ndale palibe chimene ndikufunapo. Sindikuimira mpando uliwonse, ndipo palibe amene wandituma kupatula anthu ndatchula aja. Ndikulemba chifukwa ndidakuonani mukuoloka mtsinje mapepala ali pamutu, ndipo ndikukhulupirira kuti munthu ameneyo adakalipo. Yankho lanu mutha kulipereka poyera monga ndachitira ine, kapena kudzera kwa mfumu yaikulu, kuti aliyense alimve. Tsiku la msonkhano mukalitchula, ana asukulu adzasesa pabwalo, mabenchi tidzanyamula kutchalitchi, ndipo ine ndidzabwera ndi kope la maminitsi lija kuti tidzawerengere limodzi tsamba la tsiku la mvula.

Ndatha ine wanu,

Mphunzitsi wopuma ntchito, mlembi wakale wa ADC